Ndapata kontrakiti yonyamula mabwana: pa galimoto zitatu izi nditenge iti?

Hayala ya Mabwana

Moni akuluakulu nonse a m'gulu muno. Ndabwera ndi mutu wofunika anthu ogwira sipana komanso anzanga a pachiwongolero. Ndapata kontrakiti ya zaka ziwiri yonyamula mabwana a kampani ina: kukawatenga ku bwalo la ndege, kuwasiya ku hotela, kuwadikira panja akakhala pa misonkhano. M'mapepala alemba kuti galimoto ikhale sedan yapamwamba, ndipo tsiku limene yalephera kufika ndizibwereka ina ndi ndalama za m'thumba mwanga. Yatsopano sindingaikwanitse, ndiye ndakhala ndikuyang'ana zoti zinayendapo kale.

Zimene ndaziona ndi zitatu. Yoyamba ndi Mercedes-Benz E350 ya 2005, mtundu wa W211, ya Airmatic (yokhala pa mathumba ampweya m'malo mwa ma spring), ikuwerenga makilomita 96,000, yowala ngati yangotuluka kumene. Yachiwiri ndi BMW 520d ya 2011, mtundu wa F10, ya dizilo, ili pa 140,000. Yachitatu ndi Lexus ES 350 ya 2013, iyi yayenda kwambiri, 185,000, koma mwini wake ali ndi fayilo ya malisiti a sevisi. Mtima wanga uli pa Benz chifukwa cha chizindikiro chake cha nyenyezi chija ndi makilomita ochepawo. Ndiuzeni zoona, musandinyengerere.

Makaniko Wakale

Achimwene, Benz imeneyo ndi chikomekome cha mkuyu. Ndikufotokozerani nyerere zake, ndipo zili zitatu mu galimoto imodzi.

Choyamba ndi injini. E350 ya chaka chimenecho ili ndi M272, V6 ya petulo, ndipo zoyambirira zinatuluka ndi giya yachitsulo chofewa pa balance shaft, shafti yochepetsa kunjenjemera kwa injini. Mano ake amadyeka pang'onopang'ono, timing imayamba kutsetsereka, kenako nyali ya injini imayaka. Mukaika sikana mupeza ma code a vuto P0016 ndi P0017, kapena 1200 ndi 1208 pa makina a Mercedes. Giyayo payokha ndi kachinthu kakang'ono, koma kuti muifikire injini imayenera kutsika pansi. Anadzakonza vutoli m'ma injini a pambuyo pake, choncho nambala ya injini ndiyo imanena zoona. Chaka cholembedwa pa pepala chokha musachikhulupirire.

Chachiwiri ndi mabuleki. W211 zotuluka isanasinthidwe nkhope mu 2006 zili ndi SBC, mabuleki oyendera pampu yamagetsi ndi kompyuta. Pampu imeneyo imawerenga kuti buleki yapondedwa kangati, ndipo ikafika pa malire ake imayatsa chenjezo kuti isinthidwe. Ikafa muli pamsewu mumatsala ndi buleki yadzidzidzi ya matayala akutsogolo okha, yolimba kuponda. Mercedes eni ake anaichotsa SBC pa W211 za pambuyo pa 2006. Komanso si mnyamata aliyense wa pa galaja amene angasinthe ma pad pamenepo: osaizimitsa kaye, munthu akangotsegula chitseko ma piston atha kukankha okha n'kumutswanya zala.

Chachitatu ndi Airmatic. Ikakhala bwino imayenda mofewa zedi, zimenezo sindikana. Koma mathumba ampweya ndi labala, ndipo labala wa 2005 wakalamba kaya galimoto imayenda kaya imangokhala. Thumba likayamba kutaya mpweya compressor imalira osapuma mpaka kupsa, ndiye mumagula zonse ziwiri. Tsono taganizani m'mawa bwana akutera pa ndege, inu mukupeza galimoto yagwada mbali imodzi.

Munthu wokhala ndi galimoto ina yapambali, wongoyendera Loweruka, atha kuigula n'kumasangalala nayo. Inu mukufuna yodyera, ndipo kontrakiti yanu ikulanga tsiku lililonse limene yagona pa galaja.

Wa Magetsi

Ndiwonjezerepo pa makilomita 96,000 aja, chifukwa ndi amene akukukopani. Nambala ya pa dashibodi ndiyo yosavuta kusintha pa galimoto yonse. Koma galimoto za mtundu uwu zimasunga mbiri m'makompyuta angapo, ndipo wobweza mileage kawirikawiri amaiwala ena. Pitani ndi munthu wokhala ndi sikana yeniyeni ya mtunduwo, osati kaja ka pa foni kongowerenga injini, alowe mu module iliyonse. Aone makilomita amene analembedwa pa fault zakale ndi pa ma sevisi. Mukapeza fault inalembedwa pa 170,000 pamene dashibodi ikuti 96,000, nkhani yatha.

Aonenso ma readiness monitor, mayeso amene kompyuta ya galimoto imachita yokha ikamayenda. Akakhala kuti sanamalize, ndiye kuti wina wangofufuta ma code posachedwa kapena anachotsa batire, ndipo muyenera kufunsa chifukwa chake.

China chimene anthu sachita: lowetsani dzanja pansi pa kapeti, kutsogolo ndi kumbuyo, ndi m'dzenje la tayala la sipeya m'buti. Mipaipi yotulutsa madzi a pa sunroof ikatsekeka, madzi amatsikira komweko, ndipo ndi komwe kumakhala mawaya ndi ma module. Galimoto yonyowa pansi ndimaikana ngakhale injini ikhale yokoma bwanji. Mavuto ake amabwera limodzilimodzi osatha.

Dalaivala wa pa Bwalo la Ndege

Bambo, ntchito imene mwaipezayi ndi imene ndimagwira, ndiye ndiyankhula za BMW ya dizilo. Pa pepala ikuoneka yanzeru chifukwa imamwa pang'ono. Koma ganizirani mmene tsiku lathu limayendera. Kuyenda kwenikweni n'kochepa, kwambiri n'kudikira. Bwana wati mphindi khumi, mwakhala maola awiri, injini ikulira kuti mkati mukhale mozizira akamatuluka. Dizilo wa masiku ano ali ndi DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, ndipo imadziyeretsa pokhapokha ikatentha mokwanira pa ulendo wautali wothamanga. Kulira chiimire ndi timaulendo ta m'tauni zimaidzaza. Nyali imayaka, mphamvu imatsika, galimoto imakana kuthamanga muli ndi munthu kumbuyo wothamangira ndege. EGR, valve yobweza utsi wina wa mu ekizozi kulowanso mu injini, nayo imadzaza mwaye chimodzimodzi.

Ngati njira yanu ikanakhala ya mtunda wautali tsiku ndi tsiku ndikanati dizilo ali bwino. Pa ntchito yodikira, petulo ndiye amapirira.

Wa Ma BMW

F10 ndi galimoto yabwino, tisaiponde kwambiri. Gearbox yake ya ZF ya magiya 8 ndi imodzi mwa zolimba zimene ndinagwirapo, bola mafuta ake azisinthidwa. BMW imati ndi a moyo wonse, koma ZF amene anaipanga amati asinthidwe, ndipo ine ndimamvera wopanga.

Komabe pa 520d ya 2011 ndikugwirizana ndi anzanga. Injini yake ndi N47, ndipo timing chain yake anaiika kumbuyo, mbali ya gearbox. Ikayamba kukula mumamva kaphokoso kokhwekhwereza kuchokera kumbuyo kwa injini, makamaka pakati pa kulira chiimire ndi kuponda pang'ono. Kuisintha ndi ntchito yotsitsa gearbox kapena injini yonse, ndipo ikaduka ma valve amagundana ndi ma piston. Mufunsenso ngati inapita ku recall ya EGR cooler, chifukwa dizilo zambiri za BMW za zaka zimenezo zinaitanidwa pa vuto loti imatha kuyambitsa moto. Popanda lisiti loti chain inasinthidwa, pa 140,000 ine sindingaike dzina langa. Mukafuna BMW yogona nayo tulo, sakani ya petulo ya masilinda 6 yopanda turbo, ya N52. Nayo imafuna water pump yamagetsi ndi ma gasket a oilo nthawi ikakwana, koma zimenezo ndi ntchito za tsiku limodzi.

Hayala ya Mabwana

Zikomo kwambiri akuluakulu, ndamva. Ndiye yatsala Lexus. Nkhawa zanga ndi ziwiri. Kodi 185,000 si yochuluka kwa galimoto yoti igwire ntchito zaka ziwiri osapuma? Ndipo anthu amati ES ndi Camry yovala suti. Kodi mabwana sadzaona ngati ndawapeputsa?

Mayi wa Ma Gearbox

Achimwene, ubale wake ndi Toyota umene anthu amaunyozawo ndi umene mukuufuna inuyo. ES ya 2013 inamangidwa pa chassis ya Avalon, yaitali kuposa ES yakale, ndipo kusiyanako kunapita ku miyendo ya wokhala kumbuyo. Bwana wanu sakhala pa boneti kuti aziona chizindikiro. Amakhala kumbuyo, amafuna malo otambasula miyendo, bata loti ayankhule pa foni, ndi mpweya wozizira. Zitatu zonsezo ES imapereka. Lexus anaiyambitsa mu 1989 ndi LS 400 cholinga chake chili chopikisana ndi Mercedes ndi BMW, ndiye ku mahotela dzinali amalidziwa.

Injini yake ndi 2GR-FE, V6 ya malita 3.5, yopanda turbo, ya chain, ndipo petulo amapopera mu manifold osati mwachindunji mu silinda, choncho ma valve sadzaza kaboni monga zimachitikira pa IS 250 ndi GS 300 za direct injection. Galimotoyo ili pa ma spring achitsulo wamba. Injini yomweyo ili mu Camry, Highlander, Sienna ndi RX 350, ndiye sipeya sizisowa ndipo makaniko aliyense wodziwa Toyota aigwira. Makilomita 185,000 okhala ndi malisiti ndimawakhulupirira kuposa 96,000 opanda pepala.

Koma musaitenge ngati yopanda chilema. Mukapita, nyamulani tochi. Unikirani mbali ya malamba, pansi pa water pump. Madzi a Toyota ndi apinki, ndipo akamachucha amauma n'kusiya zinthu zonga mchere wapinki pa chitsulo. Mukaziona, pampu ili m'njira. Unikiraninso m'mphepete mwa timing cover: kunyowa pang'ono kwa oilo kumapezeka pa injini zimenezi ndipo mutha kukhala nako, koma ngati akudontha mpaka pansi ndi ntchito yaikulu. M'fayilo ya malisiti sakani ma plug. Atatu akumbuyo amafuna kuchotsa manifold, ndiye amakaniko aulesi amasintha akutsogolo okha.

Za gawo langa tsopano. Gearbox yake ndi ya magiya 6, ilibe dipstick, ndipo anthu ambiri saigwira n'komwe. Muiyese itazizira komanso itatentha. Ikani D, ikani R, mumve ngati ikuchedwa kapena kugunda. Pamsewu pondani pang'onopang'ono mumvetsere ngati injini ikukwera yokha pakati pa magiya isanagwire. Ngati ikusintha bwino, ine ndimakhetsa ndi kuthira mafuta a Toyota otchedwa WS, n'kubwerezanso pakapita kanthawi. Kuipopa ndi makina pa mileage imeneyo sindichita. Mlingo wake umayezedwa pa kutentha koikika, ndiye ipite kwa munthu wodziwa.

Makaniko Wakale

Mayi anena zonse. Ndingowonjezera kuti ngati kampaniyo itaumirira nyenyezi, Benz yoyenera kuisaka ndi W212, imene inayamba mu 2009, E350 ya petulo ya pa ma spring achitsulo. SBC mulibe, ndipo vuto la balance shaft linali litakonzedwa. Pamenepo muyang'ane dzimbiri pa subframe yakumbuyo, ndipo ngati ili ndi injini ya M276 mumvetsere chain ikamalira koyamba m'mawa. E200 ndi E250 za injini ya M271 zimadya chain ndi ma sprocket a camshaft, musakopeke ndi kumwa pang'ono.

Iliyonse imene mukaone, muuzeni mwini wake asailize inu musanafike. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, bwererani tsiku lina. Masekondi oyamba a injini yozizira ndi amene amaulula chain, utsi ndi ma mounting. Muwerengenso manambala anayi omaliza a mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa matayala, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Matayala anayi a mtundu umodzi ndi zaka zofanana amasonyeza munthu amene sankaumira pa galimoto yake.

Hayala ya Mabwana

Ndabwerako akuluakulu. Ndinafunsa kaye ku kampani, ndipo ati Lexus ndi yololedwa, chimene akufuna ndi mipando yachikopa, mkati mwaukhondo ndi kusunga nthawi. Benz ndinapita nayo pa sikana kuti mtima ukhale pansi: munali 1200 ndi 1208 zosungidwa, ndipo mbali yakumanzere kumbuyo inali yotsika titaipeza m'mawa. Ndaisiya.

Lexus tinaipeza yozizira, yalira mwakachetechete, utsi palibe. Makilomita a m'malisiti akukwera mwadongosolo mpaka kufika pa a dashibodi. Pansi pa kapeti ndi pouma. Gearbox ikusintha bwino, koma palibe lisiti la mafuta ake. Mchere wapinki uja ndaupeza ndithu pansi pa water pump, Mayi, ndendende mmene munanenera. Timing cover yangonyowa pang'ono. Pa ma hump kutsogolo kukumveka kugogoda, makaniko wati ndi ma link a stabiliser ndi ma bush a control arm. Mwini wake wavomera kutsitsa mtengo chifukwa cha zimenezi. Kontrakiti ikuyamba mwezi wamawa. Ndiyambe ndi ziti?

Mayi wa Ma Gearbox

Tengani. Water pump ichitike musananyamule munthu aliyense, pamodzi ndi thermostat, lamba ndi tensioner yake, popeza malo ndi omwewo ndipo mulipira ntchito kamodzi. Pampu ikhale ya Toyota kapena ya Aisin, kampani yopangira Toyota sipeya, madzi akhale apinki omwewo, osasakaniza ndi obiriwira. Kenako ma link ndi ma bush, n'kupita nayo ku alignment tsiku lomwelo kuti matayala asadyeke. Mafuta a gearbox abwere pambuyo pa zimenezo, ndipo oyamba kutuluka muwasunge m'botolo loonekera mundijambulire, ndione mtundu wake tisanaganize zokhetsa kachiwiri.

Dalaivala wa pa Bwalo la Ndege

Pa ntchito yodikirayi musawerengere sevisi pa makilomita okha, bambo. Maola olira chiimire dashibodi siwerenga, koma oilo amatha. Muzisintha msanga kuposa mmene buku likunenera, ndipo sefa ya mpweya wa mkati ndi gasi wa AC zionedwe sabata yomweyo ya water pump.