Akuti mwana wanga aziwerengera galu kusukulu, ndisayine?

MakeTada:
Abale ndithandizeni maganizo. Tili ku Leeds kuno, mwana wanga wazaka 7 wabwera ndi kalata yoti ndisayine kuti Lachitatu lililonse azikhala ndi galu mu laibulale nkumamuwerengera buku mokweza. Kuwerenga kumamuvutadi, akafika pa mawu ovuta amangoti zii kenako misozi mbwee, koma galuyo amuphunzitsa chani? Komanso ine agalu ndimawaopa zedi.

Bambo_a_Chiko:
Sayinani mayi. Galuyo saphunzitsa ayi, ntchito yake ndi kumvetsera basi. Mwana akaphonya mawu mkalasi anzake amamuseka, aphunzitsi amukonza pompo, mapeto ake amaopa ngakhale kutsegula pakamwa, pamene galu saseka, sadula munthu mawu, amangogona poteropo mwana nkumamusisita uku akuwerenga ndiye mtima umakhala m'malo, amafika kumapeto kwa tsamba osadziwa nkomwe. Zinayamba kale izi, mu 1999 ku Salt Lake City ku America a bungwe la Intermountain Therapy Animals anayambitsa pulogalamu yoti ana aziwerengera agalu yotchedwa R.E.A.D., kuno ku UK a Pets As Therapy ali ndi yawo ya Read2Dogs. Agalu ake amayamba ayesedwa kaye khalidwe ndipo mwini wake sachoka, amakhala pambali nthawi yonse.

Anaphiri22:
Ine ndimaphunzitsa ana aang'ono ndiye ndinenepo. Muloleni, koma musayike mtima wonse pa galu. Mu 2016 akatswiri anaunika kafukufuku amene analipo pa nkhaniyi mu magazini ya sayansi ya PLOS ONE, anapeza kuti zikuoneka ngati zimathandiza koma umboni wake ndi wofooka. Galu amachotsa mantha, koma mwana amene sakudziwa kuphatikiza maliwu a zilembo akufunikabe munthu womukhalira pansi. Misozi mwanenayo yandikhudza, kafunseni aphunzitsi ake ngati anaonapo zizindikiro za dyslexia (vuto limene limachititsa munthu kuvutika kuwerenga ndi kulemba), musadikire chaka chithe.

Malume_Joe:
Mantha anuwo ndikuwamvetsa achemwali, kwathu tinakula galu ali mlonda wapakhomo ndipo akakuluma aliyense amaganiza za chiwewe. Agalu a ku UK alibe chiwewe. Pemphani mukamuone galuyo tsiku loyamba, ndipo ngati mwana amayetsemula kapena kutuluka ziwengo akayandikira ziweto muwauziretu asukulu.

MakeTada:
Zikomo nonse. Ndasayina, Lachitatu ndipita naye ndikaone ndekha, za dyslexia zija ndawalembera kale imelo aphunzitsi. Anaphiri, kunyumba ndizimuwerengetsa mphindi zingati patsiku kuti asatope?