Thandizeni, usiku zikavuta tiimbe nambala iti kuno ku Chipata?

Abale anga pa gulu pano ndili ndi nkhawa. Mlongo wanga ali ndi pakati pa miyezi 8, akhala ndi amayi kumudzi njira ya ku Vubwi, ine ndili mu tauni ku Kapata pa nchito. Ndifuna ndiwalembere manambala pa pepala amate pa chitseko. Amene ndidziwa ndi 991 ya polisi, 992 ya ambulansi, 993 ya ozimitsa moto, komanso 112 imene amati imalowa pa foni iliyonse ngakhale mulibe tokotaimu. Manje funso langa ndi ili, munthu ali kumudzi kutali chonchija akaimba 992 ambulansi ibweradi mpaka pakhomo? Nanga poti kuja ndi kufupi ndi boda, nthawi zina foni imakoka netiweki ya ku Malawi, zikatero nambala zathuzi zigwirabe? Amayi ndi achikulire, sangayambe kuyesa manambala anayi mwana akubuula. Amene munaimbapo ndiuzeni chonde.

Mayankho

— Achimwene osadalira 992 yokha. Kumidzi ambulansi nthawi zambiri imaitanidwa ndi anesi a pa kiliniki, iwo akaona kuti wodwala afunika kupita ku chipatala chachikulu monga Chipata Central kapena Mwami ndiye amaimba. Tsono nambala yoyamba pa pepalapo ikhale ya anesi, yachiwiri ya munthu wa honda kapena galimoto wa pamudzi pomwepo amene amayankha foni usiku.

— Ine ndine mayi wa ana anayi, ndikuuzani mwanawe, mwezi wa 9 ukangoyamba apite akadikirire ku kiliniki komweko ngati pali nyumba ya amayi oyembekezera. Mvula ikayamba misewu ya kuja muidziwa nokha. Afunsenso a SMAG a m'mudzimo, gulu la anthu odzipereka othandiza amayi oyembekezera, imeneyo ndi nchito yawo.

— Za netiweki, lowani mu ma settings muchotse automatic musankhe Airtel kapena MTN ya Zambia pamanja. Foni ikagwira Malawi, 112 ikhoza kukagwera mbali ya uko.

— Onjezani 116 ya ana ndi 933 ya nkhanza za m'banja, ndi zaulere zonse.

— Zikomo nonse, za anesi ndi za SMAG zandithandiza kwambiri. Loweruka ndipita kumudzi ndikatenge nambalazo ndi kukonza foni ya amayi. Koma amene anaimbapo 992 ali kunja kwa tauni ndikadafunabe kumva, anakuyankhani ndani ndipo anafika patapita nthawi yaitali bwanji?