Za dzanzi la m'mapazi lija, ndabweranso

Abale zikomo nonse munandiyankha mwezi wa March uja nditafunsa za dzanzi komanso kubayabaya m'mapazi usiku. Paja ndinanena kuti ndili ndi shuga wa type 2 ndipo mapilisi a shuga a metformin ndakhala ndikumwa zaka 6.

Amene munati ndisiye mapilisi ndizingomwa zitsamba, pepani sindinayerekeze, ndinaopa. Ndinatsatira mayi uja anati ndikapemphe adokotala andiyeze vitamini B12, ndipo eeh, inapezekadi yotsika kwambiri. Kani metformin ukamwa nthawi yaitali amachititsa kuti thupi lizivutika kutenga B12 kuchokera mu zakudya, ine zaka zonsezi palibe anandiuzapo. Adokotala anandiyambitsa majakisoni a B12, metforminyo anati ndisasiye. Pano kubaya kuja kwachepa moti ndikugona mpaka kucha, koma dzanzi ku zala zazikulu likadalipo ndithu, adokotala akuti shuga payekhanso amawononga mitsempha ndiye ndisayembekezere kuti litheratu.

Zakumwa zotsekemera ndinasiya (sabata yoyamba inali yowawa, ndisaname), ndiwo zamasamba ndachulutsa, ndikatha kudya ndimayenda mphindi 15. HbA1c, ija imaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi ngati itatu, yatsika kuchoka pa 8.4 kufika 7.3.

Kwa wina amene akumva ngati ine, musathamangire kugula mavitamini musanayezetse, akhoza kusokoneza zotsatira. Ndipo muziyang'ana mapazi madzulo alionse, ine ndinapeza kachilonda pansi pa chidendene nditaunika ndi galasi, osamva kuwawa olo pang'ono.