Za thadzi langa lotupa pamimba lija

Sabata yatha ndinafunsa za thadzi langa lomwe linatupa kumunsi kwa mimba, n'kumayenda chotangadza miyendo. Ambiri munati mwina dzira lakakamira, zikomo kwambiri pondiyankha.

Ndinapita nalo kwa dokotala wa ziweto. Atalipapasa anati dzira mulibe, pamimbapo pangofewa ngati thumba la madzi. Analibaya ndi jakisoni n'kukoka madzi achikasu, pang'onopang'ono, poti kuchotsa ambiri nthawi imodzi kumaifooketsa nkhuku. Sanandibisire: madziwa amadzadza mtima kapena chiwindi chikafooka, mwinanso chifukwa cha chotupa m'njira ya mazira, ndiye akhoza kubwereranso. Zinandiwawa zimenezo.

Komabe lero ladya bwino, ndipo lasiya kupuma chokhamula kukamwa. Likugona palokha pofunda, m'mawa uliwonse ndimaligwira pamimba.