Pulani ya malo mu Chipata: ku khonsolo tikanene chiyani?

Wapampando:
Moni nonse, a kumudzi ndi a kutali. Komiti yaganiza kuti ndalama za gulu chaka chino zipite pa kujambula mapu a komboni yathu ndi kulemba maganizo opita ku khonsolo pa kagawidwe ka malo. Chichokereni 2017 pamene Chipata idakhala mzinda, nyumba zikukwera mapiri, zina zikulowa m'malo a mafumu, ndipo pali maganizo oti pamapu pakhale mzere woletsa kumanga paphiri. Lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 limafuna kuti anthu afunsidwe pulani isanavomerezedwe. Yankhulanipo.

A Jere:
A Wapampando, ine ndili kumbali ya mapu. Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Integrated Development Plan (IDP) ndi pulani ya chitukuko ya boma lonse la Chipata, imanena zikuluzikulu. Yomwe imafika pa puloti yanu ndi Local Area Plan: apa nyumba, apa msika, apa msewu. Tilimbikire imeneyo. Ndipo mawu a pakamwa pamsonkhano amathera pomwepo. Tilembe kalata yonena malo enieni, nambala ya puloti kapena malo a GPS, chomwe tikufuna ndi chifukwa chake. Makope awiri, ina adinde chidindo cha tsiku ibwerere kwa ife. Idzerenso ku Ward Development Committee, komiti ya chitukuko ya wodi yathu, kuti ilowe m'maminitsi a wodi.

A NaPhiri:
Achimwene a Jere, zonsezo ndamva, koma nkhawa yanga ndi mawu oti "malo a nyumba zokha". Khonsolo ikalemba choncho mu pulani, mayi wosoka pakhonde, wa saluni, wogulitsa tomato pageti, onse asanduka ophwanya lamulo tsiku limodzi. Si onse angapeze benchi ku msika wa Kapata kapena ku Saturday Market. Tipemphe kuti malonda ang'onoang'ono opanda phokoso aloledwe pakhomo. Chigayo, owotcherera zitsulo ndi mabala ndiwo apatsidwe mzere wawo m'mbali mwa msewu waukulu, kutali ndi sukulu ndi kiliniki. Wofuna kusintha nyumba kukhala bala azipempha chilolezo, ndipo oyandikana naye auzidwe ndi kalata m'manja, osati kapepala komata pakhoma la ofesi komwe sapitako.

A Tembo:
Amayi anena zoona. Ine ndikambe za madzi, chifukwa Chipata ili m'chigwa, mvula yonse yogwa m'mapiri imatsikira kwa ife. Mtengo ukadulidwa kumtunda n'kuikapo malata, madzi omwe ankalowa pansi amathamanga pamwamba atanyamula mchenga. Mchengawo umakwirira ngalande, kalavati (paipi yodutsa madzi pansi pa msewu) imatsekeka, madzi n'kupatukira m'nyumba za kumunsi, otsala n'kukathira matope mu mtsinje wa Lunkhwakwa.

Choncho pamapu pajambulidwe njira za madzi choyamba, mapuloti pambuyo. Nthawi yabwino yojambula ndi Januwale kapena Febuluwale, madzi akuyenda, chifukwa mu Okutobala kamkwasa kouma kamaoneka ngati puloti yabwino. Msewu wa m'komboni tiupemphere mamita 12, kuti pakhale ngalande mbali zonse, paipi ya madzi ya Eastern Water ndi mapolo a magetsi a ZESCO. Ukakhala wa mamita 6, mpanda umodzi ukangosuntha, ambulansi siilowanso. Kalavati isachepere mamilimita 600, zazing'ono zimatsekeka ndi mapulasitiki ndipo kuzitokosa n'kovuta.

Chinanso, kukula kwa puloti. Chitsime chimafunika kutalikirana ndi chimbudzi mamita 30. Puloti ya 15 kwa 20, ngakhale muyeze kuchokera ngodya kufika ngodya, ndi mamita 25 basi. Ndiye komwe mapuloti ndi aang'ono chotero, madzi a paipi afike anthu asanayambe kumanga.

A Zulu:
Pepani akuluakulu, ine sindikugwirizana nazo mokwanira. Mzere woletsa kumanga paphiri ndi wosavuta kujambula, koma kumtunda kwa mzerewo kuli kale mabanja. Mapu athu omwewo akhoza kukhala mndandanda wa nyumba zogwetsa. Tisanapereke chilichonse, kalata inene poyera kuti chiletso ndi cha nyumba zatsopano. Omwe alipo kale, dera lawo lilengezedwe kukhala Improvement Area (komboni yovomerezedwa kuti ikonzedwe), alandire occupancy licence, chilolezo chokhala pamalopo, cha zaka 30. Woyenera kusamuka chifukwa ali panjira yeniyeni ya madzi aonetsedwe malo ena kaye.

A Jere:
A Zulu, mfundo imeneyo ilowe ndime yoyamba. Koma popanda mapu anthuwo ndiye alibe chowateteza, chifukwa papepala malowo amaoneka ngati tchire.

A Mbewe:
Palibe watchula mafumu. Komwe mzinda ukukulira kwambiri ndi malo a chikhalidwe, pansi pa Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi mafumu awo. Kumeneko khonsolo siingangojambula yokha, lamulo lomwelo la 2015 limati itha kuchita pangano la pulani ndi mfumu. Vuto limabwera motere: nyakwawa agawa malo poyeza ndi mapazi, osasiya msewu, wogula amanga, kenako akufuna tayitolo ya zaka 99. Pamafunika chilolezo cha mfumu, khonsolo ivomereze, saveya aike mabikoni osonyeza malire, ndiye pepala lipite kwa Commissioner of Lands, mkulu wa boma woona za malo. Saveya akafika amapeza mapuloti atalowana. Tipite kwa nduna ya mfumu mwaulemu wake tisanayambe kuyeza, tisaoneke ngati tabwera kudzalanda malo.

A NaPhiri:
Ndipo msonkhano usakhale Lachiwiri m'mawa mu holo ya m'tauni. Ukhale Loweruka masana pabwalo la sukulu, m'Chinyanja, mapu aakulu atapachikidwa kuti agogo aloze ndi chala pomwe madzi amadutsa. Chilengezo chipite pa Breeze FM ndi m'matchalitchi.

Mlembi:
Ndalemba zonse. A Jere ndi a Tembo, tipatseni mtengo wa kujambula ndi kusindikiza mapu pofika Lachisanu. A Mbewe, funsani tsiku kwa nduna. A Zulu, ndime ya anthu a kuphiri mulembe ndinu, tiiwerenge pano tisanavote.

A Zulu:
Ndilemba. Koma voti yanga idikira ndione pomwe mzerewo ukudutsa.