Zija ndinafunsa za zipangizo zokwera mtengo za mu fiyeta

Mwezi watha ndinafunsa momwe tingasamalire zipangizo zokwera mtengo za opaleshoni, monga ma stent (timachubu totsegula mitsempha ya magazi) ndi zitsulo zolumikizira mafupa, zomwe zinkangotha ntchito zili pa shelefu. Ambiri munati tiyese kabati ya RFID (kabati yozindikira yokha katundu kudzera mu tagi yomatidwa pa paketi iliyonse), ndipo tinaiyikadi.

Namwino amatsegula ndi khadi lake. Akatseka, kabatiyo imawerenga yokha zomwe zatuluka, iye n'kuzilemba pa dzina la wodwala. Chandisangalatsa kwambiri n'chakuti imachenjeza tsiku lotha ntchito lisanafike, ndiye timayamba kugwiritsa ntchito zakale. Imasunganso nambala ya batchi (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi), kotero kampani ikanena kuti katundu wina ndi wolakwika abwezedwe, tidzadziwa kuti anaikidwa mwa ndani.

Mapaketi okutidwa ndi foyilo ndiwo akutivutitsa, sawerengeka bwino, tikumawasikana ndi barcode. Magolovesi ndi mabandeji tinawasiya kunja, kuwamata tagi n'kungotaya ndalama.