Kabokosi ka mtovu m'sitolo yakale: tikanyamule bwanji?

Wojambula X-ray: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikukonza sitolo yakale ya pachipatala pathu ndiye tapezamo kabokosi ka mtovu, kakang'ono koma kolemera zedi, kokhala ndi chogwirira chachitali. Pepala lake palibe. Abwana akuti tingokakweza m'galimoto pamodzi ndi zitsulo zakutha. Ndivomere?

Wa fizikisi ya zachipatala: Ayi achimwene, musakatsegule, musakasunthe. Khomani chitseko, yezani ndi survey meter (kachipangizo koyezera cheza choopsa, radiation) kuyambira patali, kenako muimbire a AERA, bungwe la boma loyang'anira zinthu zotulutsa cheza choopsa. Chogwirira chachitalicho n'chimene chandidzidzimutsa. Kale masingano ochizira khansa okhala ndi radium, chitsulo chotulutsa cheza champhamvu, ankawanyamulira m'zotengera zotero kuti dzanja litalikire, poti mtunda ukawirikiza kawiri cheza chimangotsala gawo limodzi mwa magawo anayi.

Wojambula X-ray: Koma n'kakalekale aka. Mphamvu sinathe?

Wa fizikisi ya zachipatala: Radium-226 imatenga zaka 1,600 kuti ichepe ndi theka. Yakalamba pati? Komanso singano ikang'aluka imatulutsa mpweya wa radon, womwenso uli ndi cheza choopsa.

Mphunzitsi wopuma: Ana inu, kulemerako kusakunamizeni. Mu 1921 Marie Curie, wasayansi amene adatulukira radium pamodzi ndi mwamuna wake, adapita ku America kukalandira galamu imodzi ya radium yogulidwa ndi madola 100,000. Galamu imodzi yokhayo adaigawa m'timachubu tagalasi khumi, n'kuika m'bokosi lamatabwa lokhala ndi mtovu mkati, lolemera makilogalamu 46, ndipo idawoloka nyanja pa sitima ya Olympic. Ngakhale pamwambo wa ku White House, Pulezidenti Harding sadamupatse radium yeniyeniyo m'manja, idasungidwa kwina. Komabe mtovu wochuluka chotero umangochepetsa cheza cha gamma, suchitsekereza chonse. Anthu aja adaphunzira ndi zilonda. Mu 1901 wasayansi wa ku France Henri Becquerel adayenda ndi kachubu ka radium m'thumba la chovala, khungu n'kupsa.

Namwino wa odwala khansa: Mwinatu kanali ka radon chabe? Ndidaphunzira kuti zipatala zina zinkasunga radium malo amodzi, n'kumatumiza mpweya wake wokha m'timachubu.

Mphunzitsi wopuma: Mwanena zoona amayi. Radon imachepa ndi theka m'masiku 3.8, n'chifukwa chake ankaitumiza mothamanga. Ngati ndi zimenezo, kafooka kalekale. Koma ndi maso simungasiyanitse.

Wojambula X-ray: Ndakhoma, kiyi ali m'thumba mwangamu. Dalaivala wa zitsulo ndamubweza. Nanga abwana ndiwauze zotani?

Wa fizikisi ya zachipatala: Alembereni kalata lero lomwe, ndipo mulembemo maina a onse amene akagwira. Nambala zimene meter iwerenge muzitumize pano.